Kodi ntchito imene akuiphunzirayo ndi yakedi?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri mumabuka mkangano. Bambo akufuna mwana akaphunzire udokotala ku KUHeS, mayi akuti mphunzitsi sagona ndi njala, mwini wake ali phee, maso pansi.

Mapointi amangonena zimene mwana angakhoze. Zimene amazikonda zimaoneka pa zomwe amachita popanda womutuma. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adasiya sekondale nthawi ya njala ya 2002, makolo atasowa fizi. Komabe ankakhalira kuwerenga m'laibulale ndi kutola zitsulo zotayidwa. Ndi dainamo ya njinga ndi mapaipi apulasitiki, adapanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi kwawo, anthu ena akumuyesa wamisala. Mu 2014 adamaliza digiri ku Dartmouth College ku America.

Njira ina yodziwira zimene mwana amazikonda ndi kuilawa ntchitoyo. Wofuna unamwino ayambe wadikirira wodwala m'wodi usiku wonse, amve fungo lake. Wophunzira zaulimi ku Bunda amene amanyansidwa ndi ndowe za ng'ombe adzifunse msanga, chaka choyamba chisanathe. Makolo amumvere mwana wawo, ngakhale atatchula ukalipentala.