Magetsi, Moto ndi Mtengo wa Sopo

Pa shelefu ya okala iliyonse ku Naperi pali katundu amene timagula osamuganizira kawiri: sopo wochapira, makandulo, mafuta odzola, mankhwala otsukira mbale. Mukafika m'mashopu a zomangira mupeza penti, guluu, mapaipi apulasitiki, ndipo dzinja likayandikira matumba a feteleza amaunjikidwa pakhomo. Zonsezi zimachokera ku mafakitale a mtundu umodzi, aja a makemikolo, amene ntchito yawo ndi kusandutsa chinthu china kukhala chinanso pochiwiritsa, kuchitakasa, kuchipanikiza kapena kuchiziziritsa. Palibe imodzi mwa ntchito zimenezi imene imachitika popanda moto kapena magetsi. Ndiye mukalipira sopo, gawo lina la ndalamayo mwalipira ESCOM, lina mwalipira dizilo, ndipo lina mwalipira magetsi a dziko limene simunapondeko.

Sopo amapangidwa pophika mafuta pamodzi ndi caustic soda. Mafuta ambiri amene amalowa m'sopo ndi a kanjedza, ochokera ku Malaysia ndi Indonesia, ndipo amafika kuno kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala. Caustic soda nayenso timachita kuitanitsa. Amapangidwa podutsitsa magetsi m'madzi amchere, ndipo tani imodzi imadya mayunitsi oposa 2,000. Choncho magetsi akakwera kumene iye amapangidwa, fakitale ya ku Makata, monga ya Candlex, imaumva ululuwo isanayatse n'komwe makina ake. Ikayatsa, pamafunika nthunzi yochokera m'boila kuti mafutawo asungunuke ndi kupsa, pamafunika mamota otakasa, oumitsa, odula ndi okulunga. Boila amafuna malasha, nkhuni kapena mafuta. Mamota amafuna magetsi.

Ngakhale madzi a mu Blantyre ndi magetsi okhaokha. Blantyre Water Board imapopa madzi ake ambiri pa Walker's Ferry mu mtsinje wa Shire, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza mamita pafupifupi 800 kuti afike mu mzinda. Magetsi akavuta, mipopi ya ku Naperi, Zingwangwa ndi Ndirande imauma, ndipo ya m'fakitale imaumanso nthawi yomweyo.

Kuthima kumapweteka kuposa kukwera mtengo

Anthu akamakamba za magetsi ndi mafakitale, amathamangira pa mtengo wa yuniti. Mtengowo ndi nkhani ndithu. Mu 2018 bungwe la MERA linaloleza kuti magetsi akwere ndi 31.8 peresenti m'zaka zinayi, ndipo mu 2023 linalolezanso 50.8 peresenti m'zaka zinayi zotsatira. Mafakitale salipira mayunitsi okha ngati mmene timachitira kunyumba. Amalipiranso malinga ndi mphamvu yaikulu imene makina awo anakoka pa nthawi imodzi m'mwezi umenewo, ndipo yuniti ya nthawi imene aliyense akufuna magetsi imadula kuposa ya pakati pa usiku.

Koma mwini fakitale angathe kuwerengera mtengo wokwera n'kuuika pa katundu wake. Chimene sangawerengere ndi kuthima kwadzidzidzi. Makina opangira mapaipi amasungunula pulasitiki pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200. Magetsi akathima, pulasitikiyo amaumira m'kati. Akayakanso, pamatenga nthawi kuti makinawo atenthe, katundu woyamba kutuluka amakhala wopindika ndi wopserera, ndipo amatayidwa. Sopo amene anali pakati pa kupsa amalimba m'thanki. Zili ngati nsima imene moto wazima isanapse: simupitiriza pamene munalekezera, ufa ndi nkhuni zapita. Antchito ochokera ku Bangwe ndi Machinjiri akwera kale minibasi, afika kale pa geti. Kaya alipidwa osagwira ntchito, kaya abwezedwa opanda kanthu, wina waluza basi, ndipo kawirikawiri amene amaluza ndi waganyu.

Palinso katundu wina wa makemikolo amene kusowa kwake ndi imfa. Okosijeni wa m'chipatala amachokera mu mpweya womwe timapumawu, koma kuti apatulidwe pamafunika makina opanikiza mpweya amene amayendera magetsi usana ndi usiku. M'mafakitale akuluakulu mpweyawo amauziziritsa mpaka okosijeni atasanduka madzi, pa madigiri 183 pansi pa ziro, ndipo makina otere akaima amatenga maola ambiri kuti azizirenso. Amene anali mu Blantyre mu Januwale 2021, Covid-19 itafika povuta, akukumbukira mmene silinda ya okosijeni inkasakidwira. Makina opangira okosijeni amene anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2020 anapulumutsa anthu, koma nawonso moyo wawo uli pa waya wa magetsi.

Mtsinje umodzi

Mayiko a ku Ulaya akulimbana ndi kusiya malasha ndi gasi kuti apeze magetsi osaipitsa mlengalenga. Ife magetsi oterowo tinayamba nawo kalekale. Malo opangira magetsi a madzi a Nkula A anayamba kugwira ntchito mu 1966. Kenaka kunabwera Tedzani, Nkula B, ndi Kapichira, amene gawo lake loyamba linatha mu 2000. Onsewa ali pa Shire. Kupatula Wovwe wamng'ono uja wa ku Karonga, pafupifupi magetsi onse a madzi amene EGENCO imapanga amadalira mtsinje umodzi wotuluka m'nyanja imodzi.

Apa ndi pamene pagona vuto lathu. Mu 2016 ndi 2017 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika, Shire anachepa mphamvu, ndipo madera ena ankakhala tsiku lathunthu mumdima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu. Anabwerera mu 2023. Ndiye chilala chimatithimitsira magetsi, madzi osefukira amatithimitsiranso. Pakati pa ziwirizi pali matope ndi namasupuni zimene zimatseka makina ku Nkula. Matopewo amachokera m'mapiri amene tinameta, ndipo mitengo yambiri inapita ku makala amene amaphikira m'nyumba za m'tauni muno, chifukwa magetsi ndi osadalirika kapena kulibe. Thumba la makala lolowa ku Naperi m'bandakucha pa njinga ndi makina oima ku Makata ndi nkhani imodzi.

Magetsi akasowa, fakitale imayatsa jenereta. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa mayunitsi atatu kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mukawerengera mupeza kuti yuniti ya jenereta imadula kangapo kuposa ya ESCOM. Dizilo amabwera kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Boma nalonso linayesa njira yomweyo. Mu 2018 kunabwera majenereta obwereka a kampani ya Aggreko, a mamegawati 78, ena mwa iwo n'kuikidwa ku Chichiri, kufupi ndi Naperi. Anathandiza pa nthawi yake, koma magetsi ake anali odula kwambiri, ndipo mgwirizanowo unatha mu 2022. Dziko limene magetsi ake ndi a madzi linapezeka likuwotcha dizilo wa madola kuti makina ayende. Zimenezi ziyenera kutiwawa.

Nanga ndondomeko za magetsi osaipitsa chilengedwe zatithandiza kapena zatipinga? Zachita zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri kunali chikonzero chomanga malo opangira magetsi a malasha a mamegawati 300 ku Kam'mwamba m'boma la Neno, ndi ndalama zochokera ku China. Ntchitoyo inachedwa, ndipo mu Seputembala 2021 mtsogoleri wa China, Xi Jinping, analengeza kuti dziko lake silidzamanganso malo a magetsi a malasha kunja. Mabanki ambiri a mayiko olemera anali atatseka kale khomo limenelo. Mbali inayi, ndalama za magetsi a dzuwa zinatseguka. Ku Salima kampani ya JCM inatsegula munda wa sola wa mamegawati 60 mu 2021, ndipo wa ku Golomoti ku Dedza, wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire, unatsatira mu 2022, nthawi yeniyeni imene Kapichira anali chigonere.

Sola ndi wabwino, ndipo amathandiza kusunga madzi a Shire masana. Koma fakitale ya makemikolo sigona dzuwa likalowa, ndipo magetsi a sola sanalowe m'malo mwa malasha a ku Mchenga kapena a ku Moatize amene amatenthetsa maboila. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chiyembekezo cha mafakitale athu chili pa zinthu zosamveka kukoma pa wailesi: mabatire akuluakulu, waya wa mphamvu wochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka wotilumikiza ndi magetsi a mayiko oyandikana nawo, damu la Mpatamanga lotha kusunga madzi n'kuwatulutsa pa nthawi imene magetsi akufunika kwambiri, ndi mitengo m'mapiri a m'mbali mwa Shire. Mpatamanga nayenso ali pa Shire yemweyo, ndiye sachotsa ngozi yodalira mtsinje umodzi. Wayayo ndi amene amaichepetsa.

Thumba la feteleza

Katundu wa makemikolo amene amagwedeza dziko lino kuposa wina aliyense sitimupanga n'komwe. Makampani monga Optichem mu Blantyre ndi Malawi Fertilizer Company ku Liwonde amasakaniza ndi kulongedza zipangizo zochokera kunja. Urea weniweniyo amachokera ku ammonia, ndipo ammonia amapangidwa pophatikiza nitrogen wa mumpweya ndi hydrogen pa kutentha ndi kupanikiza koopsa. Njirayi anaitulukira Fritz Haber ku Germany mu 1909, ndipo Carl Bosch wa kampani ya BASF anaisandutsa fakitale mu 1913. Hydrogen wambiri lero amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka, moti mtengo wa gasi ndiwo gawo lalikulu la mtengo wa urea.

Gasi atakwera mu 2021, n'kudzakwereratu Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022, mafakitale a feteleza a ku Ulaya anachepetsa ntchito. Mu Febuluwale 2023 BASF yomwe ija inalengeza kuti itseka imodzi mwa mafakitale ake awiri a ammonia ku Ludwigshafen ndi kuchotsa ntchito anthu 2,600. Kwathu kuno zinaonekera pa makuponi. Thumba la feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya AIP limene mlimi ankalipira K4,495 mu 2020 linafika pa K7,500 chaka chotsatira, kenaka K15,000 mu 2022, ndipo ndalama imene boma linkawonjezerapo inatupa koposa. Banja la ku Chilomoni lolima kamunda kumudzi ku Chiradzulu linalipira mtengo wa gasi wa ku Ulaya.

Tsopano mayiko olemera akukamba zopanga hydrogen pogawa madzi ndi magetsi osaipitsa, ndipo bungwe la European Union linakhazikitsa msonkho wa pa malire wolipiritsa katundu monga feteleza, simenti ndi zitsulo malinga ndi utsi umene unatuluka pomupanga. Ife sitigulitsa feteleza ku Ulaya, koma misonkho yotere imasuntha mitengo pa msika umene tonse timagulapo. Chosangalatsa n'chakuti njira imene akuitcha yatsopanoyi anzathu a ku Zimbabwe anaiyenda kale. Kampani ya Sable Chemicals ku Kwekwe inayamba mu 1972 kupanga hydrogen kuchokera m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi, ambiri mwa iwo a ku Kariba. Inachita zimenezi zaka zoposa 40. Mu 2015 gawo limenelo linatsekedwa chifukwa magetsi anadula ndiponso anachepa. Amene akulota fakitale ya feteleza ku Malawi ayambe wafunsa kumene magetsi ake osathima adzachokere.

Pali chinthu chimodzi chimene tinachita bwino ena asanayambe. Kuyambira 1982, kampani ya EthCo ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga, ndipo PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo, n'kuchepetsa madola opita kunja, ndipo ndi yemweyo anapanga sanitaiza wa nthawi ya Covid-19. Mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi Dwangwa amawotcha zotsalira za nzimbe m'maboila awo kuti apeze nthunzi ndi magetsi. Chimene chimapinga ethanol wathu si luso ayi, koma kuchepa kwa zipangizo zochokera ku nzimbe. Apa ndondomeko ya boma, mbewu ya m'munda ndi fakitale zinagwirana, ndipo zakhalitsa.

Mu 2021 Malawi analonjeza kwa mayiko anzake kuti pofika 2040 adzachepetsa utsi wowononga mlengalenga ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira, koma gawo lalikulu la lonjezolo, 45 peresenti, likudalira thandizo lakunja. Chaka chomwecho masomphenya a Malawi 2063 anaika mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Malonjezo awiriwa satsutsana, bola magetsi a madzi ndi a dzuwa akhale odalirika, chifukwa ola lililonse limene athima, jenereta ya dizilo ndi mbaula ya makala ndizo zimalowa m'malo. MERA isanakweze mtengo wa magetsi wa zaka zinayi imaitana anthu ku misonkhano yomva maganizo awo, ndipo mu Blantyre imachitikanso. Mukamva kuti yayitanidwa, pitani. Musakafunse za mtengo wa yuniti wokha. Kafunseninso kuti pa ndalama yowonjezerayo maola a kuthima achepa ndi angati, ndipo akapanda kuchepa adzayankha ndani.