DUWA LA COLCHICUM NDI MBALE WAKE WA M'CHIRE MWATHU

Alimi anzathu, masiku onse m'nyuzi ino tikamba za cimanga ndi fodya, za manyowa ndi akalozera. Lero tifuna kukamba za duwa. Kapena wina adzafunsa kuti, "Kodi duwa lidyedwa?" Iai, ndipo limeneli makamaka silidyedwa konse, pakuti lipha. Koma tikaliphunzira bwino tidzadziwa zinthu ziwiri zotikhudza ife: m'mene ipangidwira mbeu ina ya cimanga, ndi ngozi imene imera m'mphepete mwa minda yathu mvula ikagwa.

Kwao kwa duwali

Dzina lake ndi Colchicum. Analicha cotero potengera dziko lakale la Colchis, kum'mawa kwa nyanja ya Black Sea, kumene lero kuli dziko la Georgia. Limera lokha m'madambo ndi m'mapiri a ku Ulaya, ku Turkey, ku Caucasus ndi ku Iran, ndipo anthu ambiri a ku Britain ndi ku Holland alibzala pakhomo cifukwa ca kukongola kwake.

Mbeu zimene tizidziwa ife ziyamba ndi masamba, maluwa nadza pambuyo. Colchicum satero ai. Mu September ndi October, pamene mitengo ya kumeneko iyamba kuyoyola masamba ndipo cisanu ciri pafupi, maluwa ake atumphuka m'nthaka okha okha, opanda tsamba ngakhale limodzi. Akafota, pamalopo pakhala ngati palibe kanthu. Cisanu cikatha, ca mu March ndi April, ndi pamene masamba aphuka, akulu ndi obiriwira, pamodzi ndi zibalobalo za njere zake. Pofika June kapena July masambawo auma.

Cinsinsi cake ciri pansi. Duwali liri ndi mutu wonga wa koko, wolimba kufikira m'kati, wa khungu lofiirira. Mutuwo ndiwo nkhokwe yake: cakudya cimene masamba apanga cisungidwa m'menemo, ndipo ndico cibala maluwa pa nyengo yake. Nkhokweyi ikhala yodzala ndithu, kotero kuti mutu woikidwa pa zenera, wopanda dothi kapena madzi, uturutsa maluwa.

Kuzindikira mitundu yake

Poyamba tiyenera kulisiyanitsa ndi duwa lina lofanana nalo lochedwa Crocus, limene mitundu yake ina ituruka nyengo yomweyo. Njira yake ndi kuwerenga. M'kati mwa duwa muli timitengo tonyamula mungu, nchito yake yonga ya ngayaye za cimanga. Colchicum ali nato 6, Crocus ali nato 3. Kuwerenga kumeneku si kwa masewera, pakuti mtundu wina wa Crocus upatsa safironi wokometsera cakudya, pamene Colchicum apatsa imfa.

Mitundu yodziwika ndi iyi:

1. Colchicum autumnale, wa m'madambo a ku Ulaya. Maluwa ake ndi ang'ono, ofiirira mwa mbuu, pa kakhosi koonda koyera kamene kagwa msanga mvula ikawomba. Alipo wa maluwa oyera, ndi wina woyera wa masamba a duwa ocuruka wochedwa Alboplenum.

2. Colchicum speciosum, wa kumpoto kwa Turkey, Caucasus ndi Iran. Maluwa ake ndi akulu onga cikho, khosi lake lolimba, ndipo kawiri kawiri kukhosi kwa duwa kuyera. Woyera yense wa mtundu uwu achedwa Album.

3. Colchicum byzantinum. Afulumira kuturuka, mutu wake ndi waukulu, ndipo mutu umodzi ubala maluwa ambiri motsatana. Masamba ake ndi otambalala, a mizere yopindika.

4. Colchicum agrippinum. Uyu savuta: duwa lake liri ndi mawanga onga a nsalu ya mandalasi, ndi nsonga zosongoka.

5. Waterlily. Uyu anapangidwa ndi anthu osakaniza mitundu. Masamba a duwa lake ndi ambiri mbiri, ndipo cifukwa ca kulemera ligona pansi likasowa pom'tsamira.

Kabzalidwe kake

Mitu ibzalidwa iri mtulo, ndiko kunena July kapena August ku Ulaya. Aikwirira masentimita 10, ndiwo mainchesi 4, motalikirana masentimita 15, m'nthaka ya conde yosasunga madzi, pamalo pofika dzuwa. Anzeru aibzala pakati pa udzu waufupi kapena timaluwa toyanga pansi, kuti makosi apeze pogwira. Adani a maluwa ake ndi nkhono.

Lamulo lalikulu ndi ili: masamba asadulidwe asanaume okha. Wodula masamba aawisi atseka nkhokwe isanadzale, ndipo caka cimeneco adzaona maluwa ocepa. Ife a cimanga tidziwa mwambo womwewo, kuti wothyola masamba cimanga cisanakhwime acepetsa ngala. Pakapita zaka 3 kapena 4 mitu icuruka nipanikizana. Pamenepo aifukula masamba atauma, naigawa, naibzalanso msanga.

Duwali lifuna nyengo yozizira ndithu ya miyezi ingapo, ndipo kotentha silikondwa. Cotero sitikuuzani kuti mutayirepo ndalama za fodya. Kum'mwera kwa dziko lapansi kumene kuzizira, monga ku New Zealand, lituruka mu March ndi April, pakuti nyengo za kumeneko zitembenuka.

Ululu wake ndi nchito yake

Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mutu, masamba, maluwa ndi njere za Colchicum, zonse ziri ndi ululu wochedwa colchicine. Kuphika sikuucotsa, kuyanika sikuucotsa. Ng'ombe za ku Ulaya zifa zikadya udzu wouma wosakanizika ndi masamba ake, ndipo anthu afa atawayesa adyo wa kuchire. Cifukwa cace ogwira mituyi abvala zophimba m'manja, nasamba akatha.

Komatu ululu womwewo uli ndi nchito. M'caka ca 1820 akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anaupatula m'duwali, ndipo kufikira lero madotolo aupereka pa muyeso wocepetsetsa kwa odwala gout, nthenda yotupitsa mfundo. M'caka ca 1937 Blakeslee ndi Avery a ku America anaonetsa kuti colchicine awirikiza ma chromosome, ndito tinthu tosaoneka ndi maso timene tisunga mtundu wa camoyo ciri conse. Cimanga ciri nato 20, fodya 48. Kuti apange cimanga ca haibridi, opanga mbeu afuna makolo a mtundu woona, wosasintha. Kale anali kukwatitsa cimanga ndi mungu wake womwe nyengo 6 kufikira 8. Tsopano atenga kambeu kokhala ndi theka la ma chromosome, nakanyika m'madzi a colchicine, ndipo kholo loona lipezeka pa nyengo ziwiri kapena zitatu. M'caka ca 2013 bungwe la CIMMYT linatsegula malo a nchito imeneyi ku Kiboko, m'dziko la Kenya.

Mbale wake wa kwathu kuno

Tsopano tifike pakhomo. M'chire mwathu ndi m'mbali mwa minda mumera duwa la banja lomwelo, lochedwa Gloriosa superba. Ambiri a inu mulidziwa ndi maso. Lituruka m'dzinja, lofiira ndi lacikasu, masamba a duwa opindikira kumbuyo ngati malawi a moto, ndipo likwera pa zitsamba pogwira ndi kansonga kopota ka tsamba lake. Ndilo duwa la dziko la Zimbabwe, kumene Ashona alicha kajongwe. Timitengo take ta mungu ndi 6, monga mbale wake. Pansi liri ndi mitsitsi yonenepa, yopanda mbali ziwiri ngati phanda, yooneka ngati mbatata yoonda. Ululu wa colchicine uli m'comera conse, koma makamaka m'mitsitsiyo ndi m'njere. Ku India ndi ku Sri Lanka anthu afa atadya mitsitsiyi poiyesa cilazi.

Wodya ululuwu ayamba kumva kutentha m'kamwa ndi kukhosi, ndipo patapita maora angapo asanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Pambuyo pake, m'masiku otsatira, ziwalo za m'kati zifooka. Mankhwala othetsa ululuwu m'zipatala mulibe. Cimene cipulumutsa munthu ndi kufika msanga.

Cotero tikupemphani zinthu zinai. Onetsani ana anu duwali, makamaka abusa a mbuzi amene akumba zakudya m'chire, ndi kuwauza kuti mitsitsi yake sidyedwa. Mukaifukula polima, musaisiye poyera pamene ana kapena nkhumba zingaitole. Ikwirireni m'dzenje lakuya. Pomweta udzu wa ziweto za m'khola, yang'anani kuti mulibe masamba ake. Ndipo wina akadya, musadikire kuti ayambe kusanza: pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, mutatenga cidutswa ca cimene anadyaco kuti dotolo acione.