Kufiira kwa thadzi kwapita kuti?

Tambala wa Mikolongwe akalowa m'khola la nkhuku zachikuda, ntchito yake imaonekera thadzi likafungatira masiku 21: thadzi lofiira limatsika ndi anapiye ambiri akuda bii. Eni khola amati magazi a tambalayo ndi amphamvu. Sakunama, koma kufiira kwa thadzilo sikunafe ayi.

Pa chibadwa chilichonse, mwanapiye amalandira majini awiri, lina kwa tambala, lina kwa thadzi. Nkhuku za Mikolongwe, zomwe mtundu wake ndi Black Australorp wochokera ku Australia, zili ndi jini la nthenga zakuda lomwe limaphimba linzake. Lofiira lija limangobisala, ngakhale nthawi zina limasuzumira m'khosi mwa nkhuku ikamakula. Ana akudawa akakwerana okhaokha, pafupifupi mmodzi mwa anayi amaswedwa wosakhala wakuda. Apa m'pamene tambala wa aneba amanamiziridwa, chonsecho ndi mtundu wa agogo wabwerera.

Lamuloli analipeza ndi Gregor Mendel pobzala nsawawa, ndipo analisindikiza mu 1866. Mu 1902, William Bateson wa ku Cambridge anaonetsa kuti limagwiranso ntchito pa nkhuku, kenaka anapitiriza kafukufukuyu ndi Reginald Punnett.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi nkhuku zoyera, chifukwa kuyera kuli pawiri ndipo maso sangasiyanitse. White Leghorn imayera chifukwa cha jini lotchinga utoto wakuda, ndipo limodzi lokha likwanira. White Wyandotte imayera pokhapokha italandira jini lofooka kuchokera kwa makolo onse awiri. Mukakweretsa mitundu iwiriyi, ana amakhala oyera, koma pa zidzukulu 16 zilizonse, pafupifupi zitatu zimatuluka ndi nthenga zamtundu. Agogo onse oyera mbee!

Palinso majini osagonjetsana. Nkhuku ya Andalusian yotuwa ngati phulusa inavutitsa oweta a ku England kwa zaka zambiri. Akakweretsa zotuwa zokhazokha, theka lokha la ana linkatuwa. Otsalawo ankagawikana pakati, ena akuda, ena oyera amadonthomadontho. Ankachotsa osafunikawo n'kuyambiranso, koma zinkabwerera zomwezo, pakuti kutuwako kumadza jini lakuda likakumana ndi lochepetsa utoto limodzi lokha. Wofuna anapiye otuwa onse ayenera kukweretsa nkhuku zija zinkatayidwazo: yakuda ndi yamadontho.