Kodi Mumadziwa? Za Dimba la Kuseri kwa Nyumba ku Pretoria

Kodi mumadziwa kuti ku Pretoria Malichi ndi mwezi wokolola komanso wofesa? Mvula ya kuno imayamba mu Okotobala, pofika Epulo imakhala ikutsazika. Mu Malichi dothi limakhala likadali lofunda, mbewu sichedwa kumera. Mukazengereza mpaka Meyi, mbande zimangonyentchera.

Kodi mumadziwa kuti mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,300, pomwe Johannesburg yakwera mpaka 1,750? N'chifukwa chake kuno n'kofundirako, makamaka kumpoto kwa mapiri a Magaliesberg, cha ku Soshanguve. Koma musakomedwe, mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa ndithu m'malo otsika.

Apa m'pamene a kwathu ambiri amagwa nazo. Kumudzi mvula ikatha timatsikira kudimba, kudzala maungu ndi chimanga, n'kumadya nkhwani nyengo yonse yozizira. Kuno ayi. Usiku umodzi wokha wa chisanu, m'mawa mupeza masamba a maungu atada bii, atalefuka ngati wina wawathira madzi owira. Tomato, nyemba, therere ndi kholowa nazo sizilimba. Ndiye thyolani nkhwani, chitambe ndi bonongwe zikadali zanthete, mufutse. Kuwiritsa pang'ono, kuyanika pa lichero, basi. Mpweya wa kuno umauma kwambiri mvula ikatha, mfutso suvuta, ndipo mu Julayi mudzautendera nsinjiro anzanu akupanga mzere pa shopu.

Pokolola, dzungu lidulidwe pamodzi ndi kachidutswa ka tsinde lake. Lopanda tsinde limayamba kuwolera pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti bonongwe ndi luni, zimene timangozula m'mphepete mwa msewu, ali nazo ntchito akatswiri a boma? Eni dziko amati bonongwe ndi thepe, luni ndi lerotho, zonse pamodzi morogo. Ku Roodeplaat, kumpoto chakum'mawa kwa mzindawu, bungwe la Agricultural Research Council lakhala likufufuza za ndiwozi. Komweko n'kumene kunachokera mbatata ya Bophelo, yofiira m'kati, yopatsa thupi vitamini A. Ngati munadzala, ikumbeni chisanu chisanafike.

Nanga zofesa mu Malichi? Mpiru, repu, chomoliya, kabichi, karoti, bitiruti ndi sawawa. Izi kuzizira sizikuopa. Karoti safuna kuwokeredwa, mufese pomwe adzakulire, mudzapatulire akamera.

Kodi mumadziwa kuti sipinachi wa masamba akuluakulu amene amagulitsidwa m'mipukutu ku Marabastad ndi ku Tshwane Market ndi mtundu umodzi ndi bitiruti? Wina anasankhidwa chifukwa cha masamba, mnzake chifukwa cha muzu. Kwa munthu wa lendi, wokhala ndi kamalo kongokwana matayala awiri akale, palibe mbewu yoposa iyi. Mumathyola masamba akunja okha, n'kusiya mtima, ndipo amaphukabe miyezi yambiri.

Adyo ndi wa anthu odekha: mukadzala mu Malichi kapena Epulo, kukolola n'cha mu Okotobala kapena Novembala, mitengo ya jacaranda itachita maluwa. Anyezi naye ali ndi khalidwe lake, amayamba kutupa pansi pokhapokha masana akayamba kutalika.

Kodi mumadziwa kuti ikadutsa 21 Malichi usiku umatalika kuposa usana, ndipo dzuwa limapendekera kumpoto? Kuno limapendeka kwambiri kuposa ku Lilongwe. Bedi lokhala kumwera kwa khoma limakhala mumthunzi nyengo yonse yozizira, ngakhale mulithire manyowa ochuluka bwanji. Musanagwire khasu, imani pabwalo masana muone kumene kwagwera chithunzithunzi cha nyumba, mulime mbali inayo.