Macheka Odulira Zitsulo m'Makomo a ku Luveve

Kuyambira pamene mafakitale ambiri a mumzinda wa Bulawayo anayamba kutsekedwa m'zaka za m'ma 1990, amisiri ochuluka a ku Luveve, dera la mumzindawu, amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pakhomo pawo. Ambiri amadula zitsulo ndi gilayinda, koma chipangizo choyenera ntchitoyi ndi macheka a magetsi okhala ndi mpeni wozungulira, umene mano ake ali ndi nsonga za kabaidi, mtundu wa chitsulo cholimba kwambiri chimene sichibuntha msanga.

Machekawa amazungulira pang'onopang'ono dala: mpeni wa mamilimita 355 umazungulira maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi, pamene chimbale chonola cha kukula komweko chimafika pa 3,800. Chifukwa cha ichi chitsulo sichitentha, moto suthetheka kwambiri, ndipo podulidwapo pamakhala posalala, pongofunika kuwotcherera. Chodetsa nkhawa ndi chizolowezi choika mpeni wotere pamacheka a matabwa, amene liwiro lake likhoza kuthothola mano n'kuwaulutsira kumaso. Mmisiri ayenera kupanikiza chitsulo pavayisi, kuvala magalasi, ndiponso kuzimitsa makina magetsi akathima, kuti makinawo asadzuke okha magetsiwo akabwerera.