Petulo Kapena Magetsi: Chokwera cha Munthu Wopuma pa Ntchito

Munthu amene wagwira ntchito zaka 30 m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kaya anali kapitawo, kalaliki wa kufakitale, woyendetsa thirakitala kapena mlonda, tsiku lopuma likafika amalandira ndalama yochuluka imene mwina sanaigwirepo chibadwire. Chiyambire chaka cha 2011, pamene lamulo la penshoni linayamba kukakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo ndalama za ukalamba, anthu otere achuluka ndithu. Ambiri amayamba ndi njerwa ndi malata. Nyumba ikatha, maganizo amatembenukira ku miyendo, pakuti mawondo amene ankakwera zitunda za ku Satemwa, ku Naming'omba ndi ku Makandi osadandaula tsopano ayamba kukana, ndipo njinga yakapalasa yasanduka katundu wolemera.

Kwa zaka zambiri yankho la munthu wotere pa Luchenza lakhala limodzi: njinga yamoto yoyendera petulo, yonga zimene anyamata a kabaza amaimika pamsika ndi m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje. Koma masiku ano opanga njinga atulutsanso zina zoyendera magetsi, za mateyala awiri ndi za mateyala atatu, zimene zilibe thanki ndipo sizitulutsa utsi. Tsono wopuma pa ntchito, amene ndalama yake yaikulu imabwera kamodzi kokha, ayenera kusankha mosamala, chifukwa akalakwitsa sadzapezanso ina yokonzera cholakwacho.

Funso limeneli nlachilendo kuno, koma kwina lakhala likukambidwa kwa nthawi yaitali. Ku America kuli midzi yomangidwira anthu achikulire okhaokha. Wina wotchuka ndi Sun City, m'chigawo cha Arizona, umene unatsegulidwa m'chaka cha 1960. Wina ndi The Villages, m'chigawo cha Florida, kumene kumakhala anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo. Kumeneko nkhalamba zambiri zimayenda pa timagalimoto ting'onoting'ono timene poyamba tinapangidwira osewera gofu, kuti asamatope poyenda m'bwalo ndi zibonga zawo. Pa kagalimoto kotere munthu amapita kusitolo, kutchalitchi ndi kwa dokotala. Tina timayendera petulo, tina mabatire, ndipo mkangano wa eni ake sutha. Ku The Villages, kumene mudzi wakula kwambiri ndipo maulendo ndi aatali, ambiri akhala akukonda ta petulo. M'midzi ina yaing'ono amalola ta magetsi tokha, pofuna kuti pasakhale phokoso ndi utsi. Ku Thyolo ndi ku Mulanje mabwalo a gofu aliko, koma sanasinthe kayendedwe ka anthu a m'midzi. Chimene munthu wa pa Luchenza angatolepo pa nkhani ya ku America nchakuti palibe mtundu umene umapambana unzake paliponse: kutalika kwa ulendo ndi malo amene munthu akukhala ndizo zimagamula.

Kuti kusiyanako kumveke bwino, nkofunika kudziwa mmene chilichonse chimagwirira ntchito. Injini ya petulo imawotcha mafuta m'kati mwake, ndipo kuphulika kwa mafutawo ndiko kumakankha zitsulo zimene zimazunguza gudumu. Pa mphamvu yonse ya m'mafuta, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi ndilo limayendetsa njinga; yotsalayo imatayika ngati kutentha ndi utsi. Popeza m'injini muli zitsulo zambiri zokhulana, imafuna oyilo watsopano nthawi ndi nthawi, pulagi yabwino ndi sefa yoyera. Njinga yamagetsi ili ndi zinthu zitatu zazikulu: batire losunga magetsi, mota yozunguza gudumu, ndi kabokosi kolamulira kuchuluka kwa magetsi opita ku motayo. Mota sitaya mphamvu yambiri, ilibe oyilo wosintha, ndipo imakoka mwamphamvu kungoyambira pamene njinga yaima.

Chachiwiri choyenera kulingalira ndi kumene mphamvuyo imachokera. Dziko la Malawi lilibe zitsime za mafuta. Petulo wambiri amene amathiridwa pa Luchenza amadzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique kapena Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Chiyambire 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku nzimbe, petuloyo amasakanizidwa ndi mafuta a kuno komwe, koma gawo lalikulu limakhalabe lakunja. Chifukwa chake kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa petulo umatsatira, pamene penshoni ya munthu imakhala pomwe inali. Ndipo ndalama zakunja zikasowa, mafuta nawonso amasowa. Anthu sanaiwale mizere ya magalimoto ya 2011 ndi 2012, ndi inanso imene inabwerezabwereza kuyambira 2022. Mnyamata angathe kugona pamzere usiku wonse. Munthu wa zaka 65 sangapirire, ndipo mapeto ake amagula wa m'zigubu, wokwera mtengo, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini nkuwononga injini.

Magetsi, mbali inayi, ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Komatu nawo ali ndi mavuto awo. Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita nthawi yoposa chaka makinawo asanayambenso kugwira ntchito. M'miyezi imeneyo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa mapolo ndi kukokolola misewu ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kuwonjezera apo, kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkawunikira magetsi a ESCOM. Wokhala m'tauni ya Luchenza mwina waya wafika pakhomo pake, koma wobwerera kumudzi afunse kaye kumene adzatchajire. Asadalire kasola kounikira m'nyumba ndi kutchajira foni. Sola ya mawati 50 imapanga gawo limodzi mwa magawo anayi a yunitsi pa tsiku la dzuwa labwino, pamene batire la njinga lingafune mayunitsi atatu kuti lidzaze; kotero kasola kameneko kangatenge masiku 12, ndipo m'nyengo ya chiperoni kangapitirire pamenepo.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ndiyo phata la zonse. Tiyerekeze bambo amene amayenda makilomita 15 tsiku lililonse: kumunda, kumsika, kutchalitchi ndi kukaona adzukulu. Pa mwezi amenewo ndi makilomita 450. Njinga yamoto yaing'ono yosamalidwa bwino imayenda makilomita pafupifupi 40 pa lita imodzi, choncho bamboyo adzafuna malita 11 kapena 12 pa mwezi, kuphatikizapo oyilo ndi tina ndi tina. Pa mtunda womwewo njinga yamagetsi idzadya mayunitsi pafupifupi 20. Aliyense angafunse mtengo wa lita ndi wa yunitsi, nkuwerengera yekha. Adzapeza kuti ndalama ya magetsi ndi yochepa zedi poyerekeza ndi ya petulo.

Pamenepa mpamene ambiri amanamizika, chifukwa amaiwala kuti batire limakalamba. Mabatire ali a mitundu iwiri. A mtovu, ofanana ndi a galimoto, ngotsika mtengo koma ngolemera, ndipo pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku amafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Amafa msanga koposa ngati mwini wake ali ndi chizolowezi chowagwiritsa ntchito mpaka atatheratu, kapena kuwasiya masiku ambiri osatchaja. A lithium ngopepuka ndipo angathe zaka zisanu kapena kuposerapo, koma mtengo wake ngwokwera, ndipo kawirikawiri batire lokhalo limatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa njinga yonse, mwinanso kupitirira. Mitundu yonse iwiri imadana ndi kutentha, choncho njinga yoimikidwa padzuwa la mu October imafupikitsa moyo wa batire lake.

Kusiyana kwenikweni tsono nkumeneku: petulo amadya ndalama pang'onopang'ono tsiku lililonse, pamene magetsi amaidya kamodzi, mochuluka, patapita zaka. Kwa munthu wa pa ntchito, amene angatenge ngongole kwa abwana, kugula batire latsopano si nkhani yoopsa. Kwa wopuma pa ntchito, amene ndalama yaikulu ija inatha kale, tsiku limene batire lafa lingakhale tsiku limene njinga yakolekedwa m'khonde osatsikanso. Ku Rwanda ndi ku Kenya ena apeza njira yopewera vutoli. Mu mzinda wa Kigali kampani ya Ampersand inakhazikitsa malo osinthira mabatire: woyendetsa njinga amasiya batire lakutha, nkutenga lodzaza, nkulipira monga mmene akadalipirira petulo, ndipo batire likakalamba udindo ngwa kampani. Wofuna kugula njinga yamagetsi afunse wogulitsa ngati dongosolo lotere lilipo pafupi ndi kwawo. Ngati palibe, adziwe kuti mtolo wa batire lachiwiri ngwake.

Malo nawonso ali ndi mawu. Luchenza ali pachidikha, pakati pa zitunda za Thyolo ndi phiri la Mulanje. Wopita ku Chonde kapena kuzungulira m'tauni momwemo amayenda ponyadira, ndipo batire limamufikitsa kutali. Wopita ku chipatala cha boma ku Thyolo, kapena kupitirira mpaka ku Malamulo, amakumana ndi zikweza zimene zimamwa magetsi mofulumira, makamaka ngati wanyamula mayi kumbuyo kapena thumba la chimanga. Makilomita amene wogulitsa amalonjeza amayesedwa pa msewu wosalala ndi wokwera mmodzi wopepuka, kotero nkwanzeru kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Petulo akatha panjira, munthu angatume mwana ndi botolo. Batire likatha, palibe botolo lothiramo magetsi, ndipo kulidzaza kumafuna maola angapo. M'dzinja matope ofiira a m'misewu ya m'minda ya tiyi amalemetsa njinga ya mtundu uliwonse, ndipo kuwoloka nayo madzi akuya nkoopsa kwa injini ndi kwa mota yomwe.

Pa za kukonza, njinga ya petulo imawonongeka kawirikawiri, koma amakaniko oidziwa ali pa malo a malonda alionse, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa Luchenza pomwepo kapena ku Limbe. Yamagetsi siwonongeka wambawamba, koma kabokosi kolamulira kaja kakapsa, makaniko wozolowera pulagi ndi kabuleta angangokanda m'mutu. Chifukwa chake wogula asachoke m'sitolo asanamve kumene zipangizo zimapezeka, amene adzaikonze, ndi zaka zimene wogulitsa akulonjeza molemba pa pepala kuti batire likafa adzabweza. Paja safunsa anadya phula.

Thupi la wokwera lisaiwalike. Njinga yamagetsi siifuna kuponda kiki m'mawa kukuzizira, ndipo zambiri zilibe magiya, chinthu chimene chimapepuza munthu wa nyamakazi. Koma popeza imayenda mwakachetechete, ana ndi mbuzi saimva, ndipo wokwera ayenera kuzolowera kuliza hutala. Ya mateyala atatu sigwa ikaima, komabe imagubuduka msanga ikakhota mothamanga. Injini ya petulo isalizidwe m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Batire la mtovu litchajidwe pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula, chifukwa limatulutsa mpweya woyaka; la lithium litchajidwe ndi tchaja chake chokha, ndipo lisasiyidwe pa magetsi m'chipinda chogona usiku wonse. Ndipo kaya njinga ndi ya mtundu uti, chipewa choteteza mutu, laisensi ndi inshuwalansi nzofunika kwa wamkulu monga zilili kwa mnyamata wa kabaza.

Pomaliza, munthu amene ali ndi magetsi pakhomo, amene maulendo ake ndi aafupi ndi odziwika, ndiponso amene wapeza wogulitsa wokhala ndi zipangizo, adzapindula ndi njinga yamagetsi, ndipo mizere ya petulo adzangoiona podutsa. Amene akukhala kutali ndi waya, amene amapita maulendo aatali a m'zitunda, kapena amene akufuna kuti njingayo izigwiranso ntchito ya kabaza tsiku lonse, ya petulo idzamutumikira bwino ngakhale ikudya ndalama tsiku ndi tsiku. Koma wosankha yamagetsi achite chinthu chimodzi kuyambira mwezi woyamba: ndalama imene akadagulira petulo asaiyese phindu loti adye. Theka lake aziika padera, ku banki kapena ku banki mkhonde, osaikhudza. Akatero, chaka chimene batire lidzayambe kufooka pa chikweza cha ku Thyolo, ndalama ya latsopano idzakhala ilipo kale.