Soya ndi Amayi Amene Akuleka Kusamba

Amayi ambiri amaleka kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, pamene thupi lachepetsa kupanga homoni yotchedwa estrogen. Pa nyengo imeneyi mayi amamva kutentha kodzidzimutsa kochokera pachifuwa kukwera kumaso, thukuta limatuluka usiku mpaka chofunda kunyowa, ndipo tulo timasowa. Ena amaganiza kuti alodzedwa. Si ufiti, abale ndi alongo; ndi msinkhu.

Tsono kwamveka kuti mankhwala a vutoli ali m'minda mwathu momwe. M'mawu amenewa muli choonadi, koma chochepa kuposa chimene ogulitsa amalonjeza.

M'zomera zina muli timadzi tofanana ndi estrogen, totchedwa phytoestrogen. Mphamvu yake inaonekera poyera m'zaka za m'ma 1940, pamene nkhosa za ku Western Australia zinayamba kulephera kubereka chifukwa chodya kwambiri chomera chotchedwa clover. Mu soya, amene amalimidwa kwambiri ku Angónia, muli mitundu yotchedwa genistein ndi daidzein. M'chitowe muli mtundu wina. Timadzi timeneti timagwira pamalo omwe estrogen imagwira m'thupi, koma mofooka ndithu.

M'chaka cha 2013 akatswiri a bungwe la Cochrane atasanthula kafukufuku wambiri, sanapeze umboni wokwanira wakuti mapiritsi a phytoestrogen amachepetsa kutentha kuja, ngakhale kuti genistein inapereka chiyembekezo. Amayi ena amathandizidwa pang'ono, ena ayi. Chifukwa chimodzi chingakhale chakuti tizilombo tabwino ta m'matumbo, timene timasintha daidzein kukhala yamphamvu, sitipezeka mwa munthu aliyense.

Ife tikuona kuti soya wa m'mbale aposa wa m'botolo. Phala la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya wokazinga bwino ndi chakudya chomanga thupi, ngakhale kutenthako kutapanda kuchoka. Koma kugulitsa mbuzi kuti tigule mapiritsi odula kumsika si nzeru. Mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere asamwe mapiritsi otere asanafunse dokotala.

Tisakankhirenso zonse pa msinkhu. Thukuta la usiku lobwera ndi kutsokomola ndiponso kuwonda lingakhale chifuwa chachikulu. Ndipo mayi amene watha miyezi 12 osasamba, kenaka n'kuonanso magazi, apite kuchipatala msanga akamupime khomo la chiberekero. Abambo, muperekezeni.